Magazi Abwino a Rozaria

Anthu a kafukufuku anafika kwa Mkhumba nandolo atangoyamba kuonetsa maluwa. Anabwera pa galimoto yoyera, atanyamula matebulo opinda, bokosi lozizira ndi kamakina kakang'ono koti nkukwana m'chikwama cha mwana wa sukulu. Ku Phalombe munthu wofuna magazi a anzake amayenera kufotokoza kaye bwinobwino, akamaliza afotokozenso, choncho masiku oyamba anathera pa misonkhano ya pansi pa mitengo ya mango. Wotsogolera anali Dokotala Bernadette, mayi wamfupi wa magalasi, wochokera ku bungwe lina la kafukufuku la mumzinda. Sanali dokotala wa jakisoni ayi. Anali wa mtundu wina uja wofunsa mafunso osapereka mankhwala, ndipo anthu ena atazindikira zimenezi ananyamula makasu awo nkubwerera kumunda.

Chomwe chinamubweretsa ndi mankhwala opopera mbewu, onunkha ngati adyo woola, amene iye ankati ndi a gulu la oganofosifeti. Kuno timangoti mankhwala a mbozi. Amagulitsidwa pa msika, ena m'mabotolo awo enieni, ena otsanuliridwa m'timabotolo topanda dzina.

"M'thupi mwathu uthenga umayenda m'mitsempha," anatero Bernadette kwa omwe anatsalawo. "Ubongo ukati dzanja finya, dzanja limafinya. Koma muli kanthu kena komwe ntchito yake ndi kuuza dzanjalo kuti zamveka, basi, siya. Mankhwalawa akalowa m'thupi amakamanga kanthu kameneko, ndiye uthenga umangopitirira osatha. Mbozi imafa choncho, imaphupha mpaka kuuma. Munthu ndi wamkulu, safa msanga. Amayamba ndi thukuta, malovu odzadza m'kamwa, nseru, chizungulire, manja kunjenjemera. Mukamva zoterezi musakhale pakhomo. Ife tikufuna tidziwe kuti kanthuko katsala kochuluka bwanji mwa inu, ndipo kamakina aka kamatiuza ndi kadontho kamodzi ka pa chala, ngati poyeza malungo."

Anagawa anthu pawiri. Mbali imodzi opopera, mbali inayo osapopera, kuti pakhale poyerekezera. Kugawako sikunavute, chifukwa sipuleya kuno imaberekedwa kumsana ndi amuna. Nyumba iliyonse inapereka bambo ndi mayi, bambo kumanzere, mayi kumanja, monga m'tchalitchi.

Pa mzere wa kumanzere panali Wyson, mkamwini wochokera kwa Chiwalo. Wyson anali ndi sipuleya, ndipo mkamwini wokhala ndi sipuleya sadziwa kupuma. Ankapopera matimati a kudimba kwa mkazi wake, nandolo wa a Alesi, apongozi ake, nandolo wa alamu ake, ndi wa aliyense yemwe akanatha kulongosola ubale wake ndi banjalo. Ankavundula mankhwala ndi kamtengo, kamtengo kakasowa ndi dzanja. Kampopi ka kutsogolo kakatsekeka ankakaika pakamwa nkuuzira. Malaya ake kumsana sankauma. Anali munthu wabwino mtima, womvera, woimba besi mu kwaya, koma pakamwa pake panalibe chitseko.

Pa mzere wa kumanja panali mkazi wake Rozaria. Awiriwa anali atakhala m'banja zaka zambiri, moti amuna onse a msinkhu wa Wyson anali ataiwala kale maina awo, akuitanidwa kuti bambo a uje, bambo a uje. Iye yekha anali adakali a Wyson. Rozaria anatenga pakati kawiri, ndipo kawiri konse anapita padera. Ulendo woyamba Wyson anali atauza kwaya yonse mwezi usanathe. Ulendo wachiwiri analumbira kuti atseka pakamwa, nangouza anzake a pa bawo okha. Amayi aakulu sananene zambiri, anangoti mimba saiimbira ng'oma, siudziwa amene akumva. Rozaria anasunga mawuwo. Anatsimikiza mumtima kuti ikadzabweranso, palibe adzamve kwa iye, ngakhale mwini wakeyo, kufikira itadzionetsa yokha.

Ndipo inali itabweranso. Pa tsiku loyezalo mwezi wachiwiri unali utadutsa Rozaria osaona kumwezi.

Woyeza magazi anali Owen, bambo wa ndevu wa ku Dowa, wansangala, wolankhula mokweza ngati aliyense ali kutsidya kwa mtsinje. Asanabaye chala ankafunsa mafunso. Mumasuta? Mumamwa? Munadwala malungo posachedwa? Rozaria anayankha zonse mwaulemu.

"Ndinu oyembekezera, mayi?"

"Ayi."

Funso lotere, lofunsidwa ndi mwamuna, pa tebulo la pabwalo, mkazi wa mchimwene wako ataima kumbuyo kwako akupumira m'khosi, yankho lake ndi limodzi basi. Owen anamva ayi ameneyo kwa amayi onse a pa mzerewo tsiku limenelo, kupatula mmodzi yemwe mimba yake inali itafika kale pa tebulo iye asanafike.

Kamakina kanaganiza pang'ono nkuonetsa nambala. Owen anaomba m'manja.

"Mayi, anu ndiye abwino zedi! Lero sindinaone ena oposa awa. Magazi amphamvu. Pitirizani momwe mukuchitiramo."

Ku mzere winawo zinthu sizinali choncho. Wyson anaitanidwa pambali ndi Bernadette mwini wake.

"Bambo, kanthu kaja mwa inu katsika kwambiri. Sindikunena kuti mukufa, koma thupi likufuna mpata woti libwezeretse. Sipuleya muitule. Musapopere, musavundule, musakhudze botolo, kufikira tidzabwerenso kudzakuyezani. Mwamva?"

"Ndamva, adokotala," anatero Wyson, atagwira chipewa ndi manja awiri. Ndipo anamvadi. Munthu ameneyu akauzidwa chinthu ndi wamkulu ankachisunga ngati lamulo la khumi ndi chimodzi.

Anafika pakhomo dzuwa litapendeka, napeza apongozi ake, a Alesi, akusenda chinangwa cha makaka pa khonde. Mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, choncho Wyson anakhala pa mpando wake kuseri kwa nkhokwe nkufotokozera mkazi wake mokweza zomwe mkaziyo anazimva kale. Ankalankhula monyadira pang'ono, ngati wapatsidwa udindo.

A Alesi nawo ankalankhula ndi mkamwini wawo kudzera mwa mwana wawo, mwanayo akasowa kudzera mwa nkhuku.

"Rozaria, tawafunsa bambowo. Mbozi nazo adokotalawo aziuza kuti zidikire?"

"Akuti adokotala sanalankhule ndi mbozi, amayi."

"Nandolo ali pa maluwa uyu. Ukamusiya sabata ziwiri udzakolola makoko. Chimanga chaka chino mwachiona nokha momwe chinachitira. Tidya chiyani, nambala?"

Alamu ake a Wyson anayezedwa nawo, koma iwo sipuleya sanaigwirepo chiyambire ndipo analibe maganizo oyamba tsopano, mmodzi msana, wina chifuwa. Kulemba waganyu kunalibe polembera. Ndiye a Alesi anafunsa funso lomwe aliyense woganiza bwino akanafunsa.

"Nanga iwe anakuuza kuti chiyani?"

"Anati anga ndi abwino kuposa onse."

"Basitu. Wa magazi ofooka apume, wa magazi amphamvu agwire. Pavuta pati?"

Rozaria anaganizira za chomwe chinali m'mimba mwake, asaname munthu kuti sanaganize. Koma chomwe chinamuopsa ndi kulemera kwa sipuleya, osati za m'katimo. Mankhwala a mbozi ndi a mbozi. Mwamuna wake anasamba nawo zaka zonsezi ndipo anali adakali kuimba besi. Iye magazi ake anali atayamikiridwa pagulu ndi anthu a makina. Kulemerako anakupezera nzeru, azithira madzi theka lokha. Komanso kukana kukanafuna chifukwa, ndipo chifukwa chake chinali chinthu chokhacho chomwe analumbira kuti satchula.

M'mawa mwake anabereka sipuleya kumsana. Wyson anamuperekeza atasenza zigubu za madzi, popeza madzi sanamuletse. Kumunda anaima patali, kumbali yochokera mphepo, nkumaphunzitsa mofuula. Chivindikiro chimodzi ndi theka. Vundula bwino. Kwezera m'mwamba, nandolo ndi wamtali, maluwa ali kunsonga. Katsekeka? Uzira, usaope, ungolavula pambuyo pake. Anali mphunzitsi wodekha, ndipo ankamuyamikira mkazi wake kwa aliyense wodutsa.

Nandolo wa kuno amatalika kuposa munthu. Wopopera amaloza m'mwamba, ndipo chokwera chimatsika. Pofika masana mpango wa Rozaria unkakhala uli chinyezi, nkhope ikuyabwa. Anamaliza munda wa amayi ake, nalowa wa achimwene ake, kenako kudimba kwa matimati, komwe mbewu yake imafuna mankhwala pafupipafupi ngati mwana wolira bere. Akamaliza kuzungulira, munda woyamba uja unali utayambanso kuitana.

Sanali yekha. M'nyengo imeneyo munthu woyenda m'njira za m'chigwa ankakumana ndi amayi angapo atabereka masipuleya kumsana, amuna awo akutsatira ndi zigubu. Nzeru ya a Alesi sinali ya iwo okha, makomo ambiri anaipeza paokha. Panalibe yemwe anaphwanya lamulo. Amuna anauzidwa kuti atule, anatula. Akazi sanauzidwe kanthu koma kuti ali bwino.

Kenako Rozaria anayamba kumva nseru. Malovu ankadzadza m'kamwa moti ankayenda ndi kachitini ka phulusa kolavuliramo. Akaweramuka msanga dziko linkazungulira. Mutu unkagunda, thukuta linkatuluka ngakhale m'mawa mozizira. Zonsezi anali atazimva pa msonkhano wa pansi pa mango, ndipo sanaiwale. Koma anali atazimvanso kwina, kalekale, kwa anthu omwe ankawakhulupirira kuposa mayi wa magalasi. Amayi aakulu amati mimba yosautsa ndiyo yogwira. Mimba ziwiri zoyamba zija sizinamusautse konse, zinabwera mwakachetechete nkupita mwakachetechete. Iyi inali kumugwetsa pansi. Tsiku lomwe anasanza koyamba kuseri kwa bafa, Rozaria anapukuta pakamwa nkuseka yekha. Anali asanakondwepo chotero chikwatiwire.

A Alesi anaona kachitiniko. Anaona mwana wawo akukankhira kutali mbale ya kalongonda, chakudya chomwe ankalimbirana ndi alongo ake ali mwana. Sanafunse kanthu, chifukwa nawonso ankadziwa mwambo. Anangoyamba kusiya mandimu pa zenera la mwana wawo, ndipo m'mawa wina anamveka akuuza nkhuku kuti munthu wanzeru sadzadzitsa sipuleya. Mayi ndi mwana ankasungirana chinsinsi chimodzi, aliyense mbali yake, onse okondwa.

Wyson yekha ndiye sanaone kanthu. Masaya ake anali atayamba kubwerera, mutu womwe unkamuvuta madzulo aliwonse unasiya, ndipo ankauza anthu kuti adokotala aja ndi odziwa ntchito. Mkazi wake akasanza ankati ndi malungo a nyengo yozizira, nkumuwiritsira madzi a mandimu omwewo.

A kafukufuku anabweranso tsiku la chiperoni, phiri la Michesi litabisala mu nkhungu, anthu atafunda zitenje mpaka m'makutu. Chifukwa cha mvula yowazayo anayala matebulo awo m'kalasi. Anayamba ndi amuna, ndipo Owen sanathe kubisa chimwemwe. Onse omwe anauzidwa kuti atule anali atakwera. Wyson anakwera kuposa onse, napatsidwa moni wa dzanja ndi Bernadette.

Atafika pa amayi, Owen anayamba kulankhula motsitsa, chinthu chomwe anthu anali asanamumvepo akuchita. Woyamba anali atatsika. Wachiwiri anali bwino. Wachitatu atatsika. Anasintha mabatire. Bernadette anati mwina ndi kuzizira, nafungatira kamakinako m'juzi mwake. Anadzibaya chala chake nkudziyeza, kamakina kanayankha bwinobwino. Awa anali anthu osapopera, anthu oyerekezera, omwe nambala zawo zinayenera kukhala malo amodzi ngati chitsa.

Rozaria anayezedwa kawiri, chala cha kumanja ndi cha kumanzere. Nambala yake inali pansi pa yomwe Wyson anali nayo tsiku loyamba lija. Bernadette anavula magalasi, namuyang'ana m'maso pafupi. M'kalasimo munali mdima wa mitambo, koma timaso takuda ta pakati tinali tating'ono ngati njere za mpiru.

"Mayi, kunyumba mankhwala mumasunga pati?"

"Ku denga la khitchini, adokotala."

"Malaya a bambo mumachapa ndinu?"

"Ndine, koma bambo sakupopera. Munawaletsa."

"Nanga akupopera ndani?"

"Ine."

"Chifukwa chiyani?"

Rozaria anadabwa ndi funsolo, koma anayankha mwaulemu, pang'onopang'ono, monga umachitira ndi mlendo amene sanazolowere za kuno. "Munati awo magazi awo ndi ofooka, anga ndi amphamvu. Nandolo anali pa maluwa. Ndiye akanapopera ndani?"

Amayi a pa mzere anavomereza ndi mitu. Mmodzi anati kwawonso ndi momwemo, wina anati nanga pali njira ina. Owen anayang'ana pansi, akusisita ndevu.

Apa Rozaria anatembenuka nkulavulira m'kachitini kake, ndipo potembenukapo chitenje chinakokeka. Bernadette anali ndi ana ake awiri mumzinda. Anaona pomwe chitenjecho chinamangidwira, pamwamba pang'ono kuposa pomwe mkazi amamangira masiku onse. Anaimirira nati, "Tiyeni panja, mundithandize kanthu kena."

Anaima kuseri kwa kalasi, pansi pa denga lodontha, pomwe panalibe khutu la munthu.

"Nseru inayamba liti?"

"Kanthawi ndithu."

"Malovuwa? Chizungulire?"

"Zonse pamodzi."

"Bwanji simunapite kuchipatala? Tinanena paja."

Rozaria anamwetulira, kumwetulira kwa munthu yemwe akudziwa zomwe mnzake sakudziwa. "Izi si za mankhwala anu ayi, adokotala. Izi ndi zina."

"Miyezi ingati?"

"Inu ndinu mzimayi mnzanga. Zinazi sitinena."

"Simunanene. Ndaona ndekha." Bernadette anapumira m'mwamba. Anali ndi mantha, ndipo anali ndi manyazi, koma mawu ake anatuluka osalala monga mwa ntchito yake. "Mayi, mimba imabweretsa nseru ndi malovu, ndi zoona. Mankhwala aja nawonso amabweretsa zomwezo. Mwa inu muli zonse ziwiri, ndipo sindingathe kukuuzani kuti malovu awa ndi a ichi, awa ndi a icho. Koma maso anuwa si a mimba. Nambala ija si ya mimba yokha. Tikwera galimoto pompano."

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Rozaria anayang'ana kachitini kali m'manja mwake, kachitini komwe anakanyamula masabata onsewa ngati mphatso. Anakaika pansi.

"Chili m'katimu," anatero motsitsa, "chamwa nawo?"

Bernadette akanatha kunena kuti ayi, ndipo anthu ambiri abwino mtima akanatero. Koma mawu abwino mtima anali atagwira kale ntchito yawo pa mudziwu.

"Mankhwalawa amatha kufika kumeneko. Kuti afika ochuluka bwanji, sindikudziwa. Anzathu omwe anafufuza kwina anapeza kuti ana ena amabadwa bwinobwino nkukula bwinobwino. Ena amachedwa pa zina, kulankhula, kugwira zinthu m'mutu. Za wanuyu palibe angakuuzeni lero."

"Makina anu aja?"

"Amayeza inu. Iye samuona."

Wyson anamva za mimbayo ali pa khomo la galimoto, kwa mkazi wake, m'mawu atatu. Anatsegula pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire panalibe chomwe chinatuluka. Anakwera kumbuyo nakhala atagwira chipewa. Ali m'njira anangofunsa kamodzi, osayang'ana munthu, kuti, "Kuuzira kuja ndinakuphunzitsa ndine, eti?"

Kuchipatala anamusunga Rozaria masiku angapo, namulembetsa sikelo. Kumudzi a kafukufuku anaitanitsanso msonkhano, ndipo ulendo uno Bernadette analankhula nthawi yaitali: kuti magazi abwino ndi a munthu yemwe sanakhudze mankhwala, osati a munthu yemwe mankhwala sangamukhudze. Anthu anamvetsa. A Alesi anafunsa, kudzera mwa mayi yemwe anakhala naye pafupi, kuti nanga tsopano apopere ndani. Panayankhidwa za magolovesi, majombo ndi zophimba pakamwa, za kupopera m'mawa mphepo isanadzuke, ndipo zina mwa izo zinabweradi pambuyo pake. Za nandolo wa chaka chimenecho panalibe yankho. Wyson anapachika sipuleya pa mtengo wa mango osaitsitsanso, ngakhale anali ataloledwa. Mbozi zinadya zomwe zinatsala, ndipo a Alesi sananene kanthu ngakhale kwa nkhuku.

Mumzinda nkhaniyi inayenda bwino. Zomwe zinachitika kwa Mkhumba zinali zachilendo kwa anthu a kafukufuku, zinakambidwa pa misonkhano ya m'mahotela, ndipo kunapezeka thandizo loyambitsira kafukufuku wina, wotsatira ana obadwa kwa amayi omwe anakhudza mankhwala ali ndi pakati. Walira mvula walira matope, koma matopewo sagwera onse mofanana.

Nseru ya Rozaria inachepa atasiya kupopera, koma sinatheretu, ndipo iye sankadziwanso ngati akondwere ndi yotsalayo kapena aiope. Mimba inakula. Inadutsa pomwe ziwiri zija zinathera, inapitirira. Mvula ya Januwale ili pakati anabereka mwana wamkazi, wochepa thupi koma wa mawu a bambo ake. Anamutcha Tikondwe. Azamba anawerenga zala nati zonse zilipo. Wyson anasanduka bambo a Tikondwe, ndipo munthu woyamba kumuitana choncho anali a Alesi, maso ndi maso, nkhuku zili potero.

Galimoto yoyera inabweranso chimanga chitayamba kuuma, mwana ali ndi miyezi itatu. Ulendo uno inafika pakhomo penipeni.

"Moseliwa?" anatero Owen potsika, akuyesa moni wa Chilomwe womwe anatola, ndipo a Alesi anamuyankha akuseka katchulidwe kake.

Bernadette anakhala pa mphasa navula nsapato. Anafotokoza za kafukufuku watsopanoyo, kuti azibwera nthawi ndi nthawi kudzamuona mwanayo kufikira atayamba sukulu, ndipo kuti Rozaria ali ndi ufulu wokana. Rozaria sanakane. Anagoneka Tikondwe chagada pa chitenje. Bernadette anayeza mutu ndi kachingwe, anamuika pa sikelo, anamugoneka chafufumimba kuti aone ngati adzutsa khosi. Analiza kabelu kumbali ya khutu, mwana anatembenuka. Kenako anatulutsa kampira kofiira, nakayendetsa pang'onopang'ono pamwamba pa nkhope ya mwanayo, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Maso a Tikondwe anakatsatira mpaka pakati, anaima, anayang'ana denga, kenako anakapezanso nkukaperekeza mpaka kumapeto.

"Waimiranji pakati paja?" anafunsa Rozaria.

"Ana amatero. Wachita bwino."

"Ndiye ali bwino?"

"Lero ali bwino."

"Lero."

"Zina zimaoneka akayamba kukhala, zina akayamba kuyenda, zina pa kulankhula. Zina mpaka m'kalasi."

"Ndiye akadzachedwa kuyenda, mudzati ndi mankhwala aja?"

"Sindidzatha kunena. Ana ena amachedwa popanda mankhwala. Ife timaona tikaphatikiza ana ambiri, awa ndi awa, nkuyerekeza. Za gulu tidzadziwa. Za mwana mmodzi ndi zovuta."

"Ine ndili ndi mmodzi," anatero Rozaria. Sananene mokwiya. Anali kungomuthandiza mlendoyo kuwerengera.

Owen anamuyezanso Rozaria magazi. Nambala itatuluka nkhope yake inawala, anakoka mpweya kuti alengeze, kenako anakumbukira nangoti, "Abwerera m'malo mwake, mayi." Wyson anawapatsa alendowo maungu awiri, nawaperekeza mpaka pa msewu akuwafotokozera momwe mwanayo amamudziwira mawu.

Pakhomo panatsala amayi awiri ndi mwana. Tikondwe anali atatopa ndi alendo, anayamwa pang'ono nkugona. Rozaria anakhala akumuyang'ana. Kadzanja kena kanagwedezeka m'tulo, monga timanja ta ana onse timachitira, ndipo iye anakayang'anitsitsa mpaka kanaleka. Kenako anatambasula dzanja mu lichero, nasankha tomato wofiira kwambiri, namugwedeza mwanayo paphewa.

"Tikondwe. Tiko. Taona ichi."

Mwana anatsegula maso, anatsatira tomatoyo pang'ono, nayamba kulira.

"Msiye mwana agone, iwe," anatero a Alesi. "Adokotala anena kuti ali bwino."

"Anena kuti lero."

"Nanga lero latha?"

Rozaria anamunyamula mwanayo, namusisita kumsana mpaka anagonanso, namubwezera pa chitenje. A Alesi anatola mtsuko nkulowera ku mjigo. Rozaria anamvetsera mapazi awo mpaka anazimirira kuseri kwa nkhokwe. Tomato uja anali adakali m'dzanja lake.

"Tiko," ananong'ona, akumugwedeza paphewa. "Dzuka pang'ono, mayi. Kamodzi kokha."